Kukaima Patali ku Beech Grove

Bambo anga anandilanda zinthu ziwiri: makiyi a nyumba ndi dzina.

Makiyi anachotsa okha m'manja mwanga tsiku limene ndinawauza kuti sukulu ya unamwino ndasiya. Mayeso a ziwalo za thupi ndinalephera kawiri, magazi ndimawaopa, ndipo kosiyo sindinasankhe ndine. Iwo anati m'nyumba mwawo simugona munthu wotaya khasu pakati pa mzere. Ndinanyamula chikwama n'kupita ku South Bend, kumene mnzanga wina anali ndi sofa yopanda mwini. Papita zaka ziwiri.

Dzina analanda ali pa guwa. Bambo ndi mkulu wa mpingo wa Amalawi ku Indianapolis, umene umabwereka tchalitchi cha eni dziko Lamulungu masana, iwo akaweruka. Ulaliki uliwonse wina amaujambula pa foni n'kuuponya pa gulu lathu la pa foni, ndiye pofika madzulo Mmalawi aliyense wa mu Indiana amakhala ataumva. Tsiku lina analalikira fanizo la mwana wolowerera, uja anatenga chuma cha bambo wake n'kukachimwaza kudziko lakutali mpaka kufika podyetsa nkhumba. Pakatikati anati, "Pali mnyamata wina amene ndimamudziwa." Dzina sanatchule. Panalibe chifukwa. Tsoka langa n'lakuti ndimatsuka mbale pa lesitilanti yowotcha nthiti za nkhumba. Fanizo linandikwana ngati suti yoyezetsa kwa telala. Kuyambira pamenepo ku mpira wa Loweruka palibenso woitana Limbani. Amangoti, "Wolowerera, ponya kuno!"

Chuma sindinatenge. Ndinachoka ndi zovala ndi chaja cha foni.

Mwezi watha analibwerezanso fanizolo, koma ulendo uno anakhazikika kumapeto. Anati bambo uja anamuona mwana wake akadali patali, ndipo sanadikire kuti afike, anathamanga. Kenako anati, "Abale, wanga atati watulukira lero, ine ndithamanga." Mpingo unati ameni. Ndinamvetsera kachigawo kameneko kakhumi ndi kamodzi, nditabisala kuseri kwa makina otsukira mbale. Ndiye ndinati chabwino, tikaone kuthamangako.

Ndinasankha Loweruka dala. Ndikanafika Lamulungu akanandiimika kutsogolo, amayi a kwaya n'kuyamba nthungululu, ine n'kumapereka umboni wa machimo amene sindinachite.

Ndinatuluka m'chipinda 8 koloko isanakwane, Novembala ali pakati, mphepo ikuluma makutu. Kwathu sapita kwa makolo chimanjamanja, ndiye dzulo lake ndinali nditakulunga nthiti ziwiri zikuluzikulu za kuntchito. Nditafika pakhomo ndinaganizanso. Ndikatulukira ndi nkhumba m'manja, bambo apeza ulaliki wa miyezi itatu. Ndinazibwezera mu filiji.

Basi ya ku Indianapolis inanyamukira kubwalo la ndege 9 koloko. Tikiti inandidya madola 39, kupita kokha. Yobwerera sindinagule. Sikuti ndinali ndi chikhulupiriro, ndinalibe madola 39 ena. Munali anthu osakwana makumi awiri, aliyense pa mpando wakewake, chikwama pambali kuti wina asayerekeze. Ndinakhala pawindo cha kumbuyo.

Tisananyamuke analowa mayi wina wachikulire, jekete lalikulu lofika m'mawondo, pansi pake pakuonekera chitenje chomanga pamwamba pa thalauzi. Ndinadziwiratu. Ndinayesa kubisa chibangili changa cha mitundu ya mbendera m'mkono wa juzi, koma anali atachiona kale. Anadutsa mipando khumi yopanda anthu n'kudzachotsa chikwama changa ngati n'chawo.

"Mwadzuka bwanji, achimwene? Ine ndine Mayi Gondwe. Nanga inu ndinu mwana wa yani?"

"Ndine Yamikani," ndinanama. "Makolo ali ku Kasungu."

"Oho. Kasungu." Anandiyang'ana pang'ono, kenako anatsegula kontena ya mandasi. Anati amagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba, angoweruka kumene, ndipo akupita ku Kokomo kukaona chidzukulu chimene changobadwa. M'thumba lina munali ufa ndi nsinjiro, chifukwa mwana wawo anakwatiwa ndi mzungu ndipo m'chikuta akumupatsa masamba osaphika.

Msewu wa 31 ndi wowongoka ngati ulusi. Titadutsa Plymouth, cha m'ma 9:40, kunali minda yokhayokha mbali zonse, chimanga atakolola kale, ziputu zitandanda mpaka kumene maso alekeza. Ndinakumbukira fanizo la wofesa mbewu, uja zina zinamugwera panjira, zina pathanthwe, zina paminga. Kuno sangamulembe ntchito. Kuno mbewu imaikidwa ndi makina, iliyonse pamalo pake, ndipo yolephera kumera palibe amaifunsa kuti nthaka inali yotani.

"Mumapemphera kuti?" anafunsa Mayi Gondwe.

"Lamulungu ndimakhala pa shifiti."

"Ndiye simunamve ulaliki wa a Chimwaza! Dikirani." Anafufuza foni m'jekete, n'kundiika kachomvera kamodzi m'khutu asanandifunse. Ndinamva mawu a bambo anga kakhumi ndi kawiri, ndili ndi ndasi pakamwa.

"Mwanayo ali ku South Bend komwe kuno," anatero atazimitsa. "Anadropa sukulu. Ati amasuta chamba, ndipo amagona mosungira nyama momwemo."

"Munamuona?"

"Ndinamva."

"Fanizolo ndimalidziwa, amayi. Paliponse pamene ndawerenga sindinaone pamene bambo uja anapita kusunagoge kukalalikira za mwana wake. Anakhala pakhomo n'kutseka pakamwa."

"Inu achinyamata mumawerenga Baibulo ngati loya."

"Ndipo sindinaonenso pamene analanda makiyi."

"Makiyi ati?"

"Ndikungonena."

Anatafuna ndasi lawo pang'onopang'ono.

Ku Rochester tinaima pomwetsera mafuta. Dalaivala, mayi wamfupi wa mawu ngati a msilikali, anati tili ndi mphindi khumi, wa mphindi khumi ndi imodzi akafika ku Indianapolis wapansi. Ndinagula khofi wa madola awiri wokoma ngati madzi otsukira poto, ndipo potsuka mapoto ndine katswiri. Titabwerera dalaivala anawerenga mitu n'kupeza kuti wina wasowa. M'busa wa mu fanizo akanatisiya tonse m'basi n'kukamufuna mmodziyo. Uyu anatseka chitseko n'kuyamba kubweza basi. Kenako tinamuona wosowayo, mkulu wonenepa wa ndevu zoyera, akutuluka m'sitolo ali pa liwiro, dzanja lina litagwira thalauzi, lina litanyamula soseji yoluma kale. Basi yonse inaseka. Dalaivala anamulola athamange mpaka kumsewu, n'kumutsegulira.

Mayi Gondwe anapukuta misozi ya kuseka ndi nsonga ya chitenje. "Mwaona? N'chifukwa chake munthu wamkulu sathamanga. Ulemu wonse umagwera pansi. Mukuganiza kuti fanizo lija likunena chiyani? Si za mwana ayi. Ana olowerera ndi ambiri ngati mchenga. Chodabwitsa n'chakuti bambo wa ndevu zake, mwini antchito, anakwinya mkanjo n'kuthamanga mudzi wonse ukuona. Inu munaonapo bambo anu akuthamanga?"

Ndinati ayi. Linali bodza lachiwiri.

Ndinawaonapo kamodzi. Tinkakhala ku Chilomoni, ine ndili sitandade 3, iwo akuphunzitsa kusekondale. Tsiku lina ndinakwera minibasi ya kusukulu nditaiwala pathebulo kabokosi kanga ka mbatata. Minibasi itayamba kutsetsereka ndinacheuka, n'kuona bambo akubwera pambuyo, tayi ili paphewa, nsapato zawo zopolisha zikumenya fumbi, kabokosi katakwezedwa m'mwamba. Ana awo a sukulu anali m'mbali mwa msewu akuombera m'manja. Kondakitala anamenya denga, minibasi inaima. Anandipatsira pawindo akupuma ngati ng'ombe yokoka ngolo, n'kunena kuti, "Udye zonse." Masiku amenewo mafanizo ankandifotokozera ine ndekha, pakhonde, ndipo munthu wa m'nkhanimo ankakhala munthu wina wake, osati ine. Kuchokera ku Rochester mpaka kudutsa tauni ya Peru ndinangoyang'ana pawindo. Kunalibe choona, koma nkhope inayenera kuloza kwina.

Tinafika ku Kokomo hafu pasiti 11. Ndinawatsitsira matumba awo. Mkamwini wawo anali akudikira m'galimoto, koma iwo sanafulumire. Anandiika mandasi atatu otsala m'thumba la juzi, n'kundigwira dzanja.

"Limbani, mwana wanga, makutuwo ndi a bambo ako enieni. Ku Kasungu kulibe otere."

Ndinasowa pothawira. "Ndiye munadziwa kuyambira ku South Bend?"

"Kuyambira pachitseko cha basi."

"N'kundiuza ndithu za chamba?"

"Ndimafuna ndimve ngati ukana. Wayankha ngati munthu wosasuta." Anaseka, kenako anasiya. "Komabe ndinazinenapo kwa anthu ena ndisanakuone. Pamenepo ndinalakwa. Pita bwino. Pa gulu sindilemba kanthu."

"Lumbirani."

"Iwe, usandilumbiritse ndili ndi ufa m'manja."

Kuchokera pamenepo mpando wa pambali panga unali wopanda munthu, ndipo ndinadabwa kuti ndikuwasowa. Minda inayamba kuchepa, kukubwera nyumba zofanana ngati zobadwa tsiku limodzi, kenako misewu yodutsana m'mwamba. Tinalowa m'tauni ya Indianapolis 1 koloko itatsala pang'ono. Loweruka m'katikati mwa tauniyi mumakhala zii, maofesi a boma otseka, anthu ochepa ovala mabaji akuchokera ku msonkhano. Ndinayenda wapansi mpaka pokwerera mabasi a m'tauni. Ndinaponya madola awiri m'makina, ndipo makinawo sabweza chenji. Ndinatsika ku Beech Grove, dera la kwathu, 2 koloko itangodutsa, n'kudya mandasi awiri nditaima pa siteji, kuti m'mimba musalire pa nthawi yolakwika.

Tsopano apa ndi pamene ndinachita zopusa, ndipo ndizinena ndekha wina asanazilalikire.

Sindinapite kukagogoda. Fanizo likuti anamuona akadali patali, ndiye ndinakaima patali. Nyumba yathu ndi yachinayi kuchokera pa mphambano, yopaka utoto wotuwa. Pa mphambanopo ndi pamene ndinkadikirira basi ya sukulu titangofika kuno ndili ndi zaka 14, ndipo m'mawa wa chisanu ndinkawerenga mapazi kuti ndiiwale kuzizira. Kuchokera pa khonde lathu kufika pa chikwangwani choimitsa magalimoto cha pa mphambanopo ndi mapazi 64. Ndinaima pa chikwangwanipo, chikwama paphewa, nkhope italoza kwathu.

Chimene ndinaiwala n'chakuti ku Beech Grove palibe amayang'ana kumsewu. Ku Chilomoni ukangotsika minibasi, khomo lachitatu limadziwa kale kuti wabwera ndipo wawonda. Kuno makatani ndi otseka, makonde ali ndi mipando yosakhalidwa, munthu amachoka m'nyumba kulowa m'galaja, m'galaja kulowa m'galimoto. Ukhoza kuima patali mpaka Khirisimasi.

Ndinkadziwa kuti amayi Loweruka amaweruka usiku, ndipo bambo amatuluka ku labu ya chipatala 3 koloko. Ndinadikira. Zala za kumapazi zinasiya kumva. Gologolo wina anandiyang'ana nthawi yaitali kuposa munthu aliyense. Itakwana 3:25 galimoto yawo inatulukira kumbuyo kwanga, n'kuima pa chikwangwani monga mwa lamulo, pafupi moti ndikanatha kugwira chitseko. Ndinaona imvi zimene sindinazisiye. Anayang'ana kumanzere, kumanja, n'kudutsa. Chitseko cha galaja chinakwera, chinawameza, n'kutsika.

Ndikanakhala ndi madola 39 ndikanabwerera.

Patapita kanthawi anatulukira mayi wina wachizungu ndi kagalu kovala juzi. Sindinkamudziwa, anasamukira kuno ine nditachoka. Anandifunsa mwaulemu ngati angandithandize. Amene mwakhala kuno mukudziwa kuti funso limenelo silikhala la thandizo. Ndinati ndikudikira munthu. Anafunsa kuti ndani. Ndinati bambo anga. Anayang'ana chikwama changa, nsapato zanga, n'kukoka kagalu kake kubwerera, foni ili kale kukhutu.

Sipanathe mphindi zisanu chitseko chathu chinatseguka. Bambo anatuluka atavala thalauzi la buluu la kuntchito, sokosi ndi masilipasi, m'manja atagwira chokokolera masamba ngati mkondo. Anatsika khonde n'kuyamba kubwera pang'onopang'ono, khosi litatsogola, magalasi ali pamphuno. Ndinayamba kuwerenga, chizolowezi. Atafika phazi la 21, pafupi ndi bokosi la makalata la aneba, anaima. Chokokolera chija chinatsika pang'onopang'ono mpaka kugunda simenti.

"Ndiwe?"

"Ndine."

"Aneba andiimbira kuti pali munthu akuzonda nyumba. Amafuna kuitana apolisi."

"Munandidutsa ndi galimoto, adadi."

"Sindinakuone. Dzuwa linali m'maso."

Kunalibe dzuwa tsiku limenelo. Tinkayankhulana mokuwa chifukwa cha mtunda, ndipo bambo anga si munthu wokuwa pamsewu. Anayang'ana mawindo a nyumba za mbali zonse.

"Bwera kuno, tisamakuwe ngati tili pa msika wa Limbe."

"Munati mudzathamanga."

"Unamva ulaliki uja?"

"Kakhumi ndi kawiri."

"Limbani, lija ndi fanizo."

"Pa nkhumba silinali fanizo. Pa nkhumba munati ndi mnyamata amene mumamudziwa. Pafika pothamanga ndiye lasanduka fanizo?"

Katani ya nyumba ya mayi wa kagalu uja inagwedezeka. Bambo anaiona, ine ndinaionanso. Anaweramitsa mutu n'kuyang'ana masilipasi awo nthawi yaitali, ngati pali cholembedwa. Kenako anagoneka chokokolera pa udzu, bwinobwino, mano ake ataloza pansi kuti wina asaponde. Anakweza zigongono.

Anathamanga mapazi awiri. Pa lachiwirilo silipasi inavuka n'kuulukira mumsewu, iwo n'kudzandira, dzanja lina kumsana. Anaima pamenepo, phazi limodzi lili ndi sokosi yokha pa simenti yozizira, akupuma mokweza, munthu wa zaka 58, mkulu wa mpingo. Sanayesenso. Sanabwererenso. Anangoima n'kumandiyang'ana.

Ndinkafuna ndipirire. Ndinali nditakonzeka kuima mpaka mdima. Koma sokosiyo inali yobooka pachala chachikulu, ndipo sindinathe kuiyang'ana. Ndinayenda. Ndinatola silipasi mumsewu n'kugwada kuti ndiwaveke. Ndinamva dzanja lawo pamutu panga, lolemera, lozizira.

"Sindikugwada, adadi. Ndikukuvekani silipasi."

"Ndaona."

Dzanjalo sanalichotse. Inenso sindinafulumire kudzuka.

"Wawonda," anatero. "Wadya?"

"Mandasi."

"A ndani?"

"A munthu wina amene ndimamudziwa."

Anatulutsa mpweya m'mphuno, kuseka kwawo kumathera pamenepo. Anatola chokokolera, tinayamba kulowera kunyumba, iwo akutsimphina pang'ono. Tisanafike pa khonde anayamba, monga ndinkayembekezera.

"Mawa kutchalitchi..."

"Mawa mukanditchula pa guwa, kaya ndi dzina kaya popanda dzina, simudzandionanso."

"Anthu adzafunsa kuti nkhani ija yatha bwanji."

"Akawerenge okha. Inalembedwa kalekale, sikusowa ine."

Anaima dzanja lili pa chitseko. Ndinaona kuti zikuwawawa, chifukwa ulaliki umenewo akanaulalikira bwino kuposa onse, ndipo mpingo wonse ukanalira. "Chabwino," anatero. "Ndilalikira za kambewu ka mpiru."

M'nyumba munkanunkha monga kale, anyezi ndi sopo wochapira. Ng'ombe yonenepa panalibe. Anatenthetsa mpunga wa dzulo ndi nyemba, n'kukhala moyang'anana nane, osadya, akungosuntha botolo la mchere uku ndi uku. Za sukulu sanafunse. Pepani sananene, inenso sindinanene.

Amene mukufuna kuyenda ulendo ngati uwu, mutenge sokosi ziwiriziwiri, ndipo musakaime pa mphambano. Fanizo limakoma pa guwa chifukwa wothamanga amakhala munthu wina, wa dziko lina, wopanda msana wopweteka ndiponso aneba osuzumira pa katani. Wonena fanizo ndi womva fanizo onse amaganiza kuti gawo lovuta ndi la mnzake. Zimenezo ndaphunzira, ndipo sindikuti zandisangalatsa.

Koma masamu ndi masamu. Mwa ulaliki wawo womwe, pamaso pa mpingo wonse, mapazi 64 aja onse anali awo. Anayenda 21, anathamanga awiri. Otsalawo ndinayenda ndine, ndipo sindinawakhululukire ngakhale limodzi. Bambo anga akadali ndi mapazi anga 41.